Pulogalamu yanditulutsira ma combination oposa 3,000, ndiyambire pati?

Injiniya_Wamng'ono
Akuluakulu, ndakupezani ndi vuto. Ndikupanga mapulani a shedi yachitsulo yosungiramo soya ku Kanengo. Mulifupi mwake ndi mamita 24, mafulemu atalikirana mamita 6, nsanamira zake ndi mamita 7 kufika pamene denga layambira. Denga ndi la malata a IBR, ndipo mwini wake akuti chaka chamawa adzaikapo masola. Ndikugwiritsa ntchito Robot, pulogalamu yowerengera mphamvu za nyumba. Ma load case (mitundu ya katundu wogwera nyumbayo) ndaika onse, koma nditadina kuti pulogalamu ipange yokha ma combination (njira zophatikizira katunduyo) a Eurocode, malamulo a zomangamanga a ku Ulaya, yanditulutsira oposa 3,000. Laputopu ikungolira ngati chigayo cha dizilo. Dzulo inatha ola lathunthu ikuwerengera, magetsi n'kuzima isanamalize. Kodi anzanga mumawachepetsa bwanji? Abwana ali ku Mzuzu, akubwera Lachisanu ndipo akufuna adzapeze zonse zili patebulo.

Nachisale_Zitsulo
Shedi yopanda nsanjika, yopanda kireni, ma combination 3,000? Pali chimene chalakwika, achimwene. Tatiwerengereni kaye ma load case anu onse, wina ndi wina.

Injiniya_Wamng'ono
Alipo 10, achemwali. Yoyamba ndi G, mmene ndaikamo kulemera kwa zitsulo, malata, ma purlin (zitsulo zokhomerapo malata), mawaya ndi magetsi olendewera komanso masola aja. Yachiwiri ndi Q ya padenga, katundu wa anthu okwerapo, 0.6 kN/m². Yotsala 8 ndi ya mphepo: mbali zinayi zimene ingachokere, iliyonse ndi cpi (nambala ya mphamvu ya mphepo mkati mwa nyumba) ya +0.2 ndi ya -0.3.

Nachisale_Zitsulo
Ya mphepoyo munaipanga bwanji? Munalemba iliyonse payokha kapena munakopa ina n'kungosintha dzina?

Injiniya_Wamng'ono
Ndinakopa ya Q n'kusintha dzina ndi manambala.

Nachisale_Zitsulo
Basi, wakuba tamugwira. Tsegulani tebulo la ma load case muyang'ane pamene palembedwa nature. Ndikhulupirira mupeza kuti yonse 8 ikuwerengedwa ngati katundu wa anthu okwera padenga. Pulogalamu siwerenga dzina limene mwapereka. Mutha kulemba kuti "mphepo ya kumpoto" koma ngati mtundu wake mwausiya pa live, iyo ikuona anthu. Ndiye ikamaphatikiza imadzifunsa kuti, kodi awa angakhalepo onse pamodzi, kapena awiri, kapena atatu? Zinthu 9 zimene chilichonse chingakhalepo kapena ayi zimapereka njira 512. Muonjezerepo kusinthanasinthana kwa amene akutsogolera, G ya 1.35 ndi ya 1.0, ndiponso za SLS (zoonera kupindika), mufika masauzande mosavuta.

Mu Robot muli maubale atatu: and, or inclusive ndi or exclusive. Mphepo ndi ya or exclusive, imodzi pa nthawi imodzi. Mwera ndi mpoto siziomba tsiku limodzi ola limodzi panyumba imodzi.

Injiniya_Wamng'ono
Mayo ine. Ndayang'ana, ndi momwemodi. Yonse ili pa live.

Wa_ku_Joni
Hahaha aise, usadandaule, tonse tinadutsa momwemo. Ine chaka changa choyamba ndinaika self weight multiplier ya 1 pa ma load pattern awiri mu pulogalamu ya ETABS, nyumba n'kudzisenza kawiri. Ndinkadabwa kuti nsanamira za nyumba ya nsanjika zitatu zikutuluka ngati za mlatho.

Gogo_Konkire
Ndalowa mochedwa, ndinali kumunda. Mnyamata wanga, funso langa si la kuchuluka kwa ma combination. Mwati pulogalamu imaphatikiza mphepo zonse pamodzi. Ndiye kuti pansi pa nsanamira munaona mphamvu yozula yaikulu kwambiri. Munatani nayo?

Injiniya_Wamng'ono
Zoona bambo, inkaonetsa pafupifupi 300 kN yokokera m'mwamba. Ndinaona kuti n'zosatheka pa shedi ngati iyi, ndiye ndinangochotsa ma combination onse amene amaonetsa kuzula. Maziko ndinawapanga ndi katundu wotsikira pansi yekha. Ndinapeza 1.2 m × 1.2 m × 0.5 m.

Gogo_Konkire
Mmene ndimaopera. Nambala ija inalidi yabodza, koma mwataya mpunga pamodzi ndi mankhusu. Chuluke chuluke ndi wa njuchi, umanena iyo yakuluma. Mwa 3,000 aja, njuchi yoluma pa denga la malata ndi imodzi: kulemera kochepetsetsa kwa nyumba pamodzi ndi mphepo yonse. Ndiye imeneyo mwaichotsa.

Ife m'masiku athu tinkalemba pamanja mizere itatu ya BS 5950, buku la ku Britain la zitsulo. Woyamba 1.4G + 1.6Q. Wachiwiri 1.2G + 1.2Q + 1.2W, W kukhala mphepo. Wachitatu 1.0G + 1.4W. Mzere wachitatuwo ndi umene unkandisowetsa tulo. Ndinaitanidwapo kukaona holo ina kumudzi imene denga lake linasasuka mu Novembala, mvula yoyamba ija yobwera ndi chimphepo. Titafika tinapeza denga lonse lili m'munda wa chinangwa mamita ngati 40 kuchokera pamakoma, mapaso ndi malata zili zogwirana bwinobwino, palibe thabwa lothyoka. Amene anawerengera matabwa aja sanalakwitse pa katundu wotsikira pansi. Chimene chinalibe mphamvu ndi kawaya kamene anamangira mapaso kukhoma, kanali kongopisa pansi pa mizere iwiri ya njerwa. Njerwazo zinapita nawo limodzi.

Tengani pepala. Nsanamira imodzi ikusenza mamita 12 kuchulukitsa ndi 6, ndiwo 72 m². Tiuzeni kulemera kwa denga popanda masola ndi zolendewera, ndi mphamvu ya mphepo yokokera m'mwamba imene munapeza.

Injiniya_Wamng'ono
Malata, ma purlin ndi rafter zikukwana 0.20 kN/m². Masola ndi zolendewera ndinaika 0.15. Nsanamira ndi malata a m'mbali ndi 5 kN. Mphepo yokoka, kuphatikiza ya kunja ndi ya mkati, ikuchita 0.8 kN/m² tikatengera denga lonse.

Gogo_Konkire
Chabwino. Chogwirira pansi ndi 0.20 × 72, kuonjezapo 5, ndiye 19 kN. Chozula ndi 0.8 × 72 × 1.5, ndiye 86 kN. Konkire yanu ija ndi 0.72 m³, ikulemera 17 kN. Muphatikize 19 ndi 17, muyerekeze ndi 86. Sindikufunika Robot kuti ndikuuzeni kumene shedi imeneyi ikagwere.

Mlamu_wa_ku_Leeds
Gogo alasa. Ndingoonjezera za malamulo ake, popeza mwasankha Eurocode. Pofufuza mphamvu ya zitsulo, G ikamakuthandizani imatenga 1.0. Koma pofufuza ngati nyumba yonse ingazuke kapena kugubuduka, imene EN 1990 imaitcha EQU, G yothandiza imatenga 0.9. Ndiye pa manambala a Gogowa, 0.9 × 19 ndi 17, kuchotsa pa 86 kutsala 69, kugawa ndi 0.9 mupeza kuti maziko akuyenera kulemera 77 kN. Konkire ya 2.0 × 2.0 × 0.8 ikupatsani pafupifupi pomwepo, dothi lokwirira pamwamba n'kukhala lapadera.

China, G yanu igaweni pawiri. G1 ikhale zimene zidzakhalepo tsiku lopereka makiyi: zitsulo, malata, ma purlin. G2 ikhale masola, magetsi, mapaipi, siling'i ngati ilipo. Pa katundu wotsikira pansi zonse zilowe ndi 1.35. Pa kuzula G2 ikhale ziro. Mwini wake wati masola abwera chaka chamawa, nanga mphepo ya chaka chino mwaiuza kuti idikire?

Fomani_wa_Kanengo
Mundikhululukire mabwana, ine sukulu ya zowerengerazi sindinapite nayo patali, koma ndili ndi zaka 19 ndikuimika mashedi. Masola a "chaka chamawa" ndawamvapo kambirimbiri, amene anabweradi ndi owerengeka. Komanso mudziwe kuti chitseko chachikulu cha shedi sichitsekedwa masana. Malole amalowa ndi kutuluka mpaka madzulo, ndipo mvula yachimphepo imakonda kubwera cha m'ma 3 koloko. Mphepo ikalowa pakhomo lija imatukumula shedi ngati jumbo.

Nachisale_Zitsulo
A Fomani, mfundo imeneyo ndi yaikulu kuposa mmene mwainenera. Achimwene, +0.2 ndi -0.3 aja ndi a nyumba imene ilibe khomo lalikulu lopambana mipata ina yonse. Ngati mbali imodzi ili ndi mipata yoposa kawiri ya mbali zina zonse pamodzi, EN 1991-1-4 imati cpi ikhale 0.75 ya cpe (nambala ya mphepo ya kunja) ya pakhomopo, ikafika katatu ikhale 0.9. Mphepo ikamaomba molunjika pakhomo, mungapeze cpi yoposa +0.6. Lamulo limalola kuti ngati chitseko chimakhala chotseka pa namondwe, kutseguka kwake mukutenge ngati ngozi, ndi factor ya 1.0 pa mphepo. Koma mwamva nokha zimene a Fomani anena. Ine pa shedi ya malole ndimatenga chitseko ngati chotsegula nthawi zonse. Chitseko chanu chili mbali iti, ndipo n'chachikulu bwanji?

Injiniya_Wamng'ono
Zilipo ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, chilichonse mamita 5 ndi 5. M'mbali muli ma louvre pansi pa denga kutalika konse.

Nachisale_Zitsulo
Ma louvre akuthandizani, koma werengerani malo ake enieni otseguka, osati a fulemu yonse. Muyese chitseko chimodzi chotsegula china chotseka. Ngati chikupambana, muonjezere load case yake.

Wa_ku_Joni
Koma ine ndili ndi funso lina aise. Bwanji wasankha Eurocode? Zitsulo zako ugula zochokera kuno, S355JR, ma purlin a kuno, malata a kuno. Ukanangotsegula pulogalamu ya Prokon ndi buku la kuno la SANS 10160, ma combination ake ndi ochepa ndipo aliyense amawadziwa pamtima: 1.2G + 1.6Q, ina ya 1.35G + 1.0Q pamene kulemera kwa nyumba kwachuluka, ndi ya kuzula imene G imatenga 0.9. Sufunika kulimbana ndi 6.10a ndi 6.10b, njira ziwiri za Eurocode zophatikizira katundu.

Mlamu_wa_ku_Leeds
Alamu, musamuopseze mwana. Palibe amene akumukakamiza 6.10a ndi 6.10b. Atha kugwiritsa 6.10 yokha, 1.35G + 1.5Q, basi. Ziwirizo phindu lake limaoneka pa nyumba zolemera za konkire, chifukwa 6.10b imachepetsa G ndi 0.925 pa annex ya ku UK, n'kukhala 1.25G + 1.5Q. Pa shedi ya malata imene G yake ndi yochepa chonchi, mungachulukitse ma combination kawiri kuti mupulumutse makilogalamu angati a chitsulo?

Gogo_Konkire
Inu a kunja mukangane bwino. Kuno BS 8110 ndi BS 5950 zikadali m'madirowa a maofesi ambiri ngakhale eni ake ku Britain anazipumitsa mu 2010, ndipo nyumba zomangidwa nazo zikuimabe. Ine sindisankhira munthu buku. Chimene ndimakana ndi kusakaniza. Ndaonapo mapepala amene katundu wachulukitsidwa ndi 1.2 ya ku Joni, mphamvu ya chitsulo yatengedwa ku Eurocode, mphepo yachokera mu CP3 ya 1972, buku lakale la ku Britain. Buku lililonse manambala ake anayezedwa kuti aziyendera limodzi. Ukatola chotchipa apa ndi chotchipa apo, chitetezo chimene watsala nacho palibe amene akuchidziwa.

Mlamu_wa_ku_Leeds
Makamaka pa mphepo. Liwiro la mu CP3 ndi la kamphepo ka masekondi 3. La mu BS 6399-2 ndi la pa ola lathunthu. La Eurocode ndi la mphindi 10. Nambala ya buku lina ukailowetsa m'buku lina osaisintha, walakwitsa usanayambe n'komwe, ndipo popeza mphamvu imayenda ndi liwiro kulichulukitsa lokha, kulakwitsako kumakula. Anzathu ogwiritsa ETABS asamalenso ndi za ku America. ASCE 7-05 inkachulukitsa mphepo ndi 1.6, koma kuyambira ASCE 7-10 factor inatsika kufika 1.0 chifukwa anakweza liwiro pa mapu awo. Munthu amene waika liwiro lakale n'kusiya pulogalamu ipange ma combination a buku latsopano, wachotsa mphepo yoposa limodzi mwa magawo atatu osadziwa.

Injiniya_Wamng'ono
Liwiro lokha ndinalisamala alamu, abwana anandipatsa la masekondi 3 ndipo tinalisintha limodzi asanapite. Eurocode ndasankha chifukwa obwereketsa ndalama za ntchitoyi ndiwo anailemba mu kontirakiti. Tsono ndikakonza mitundu ya ma load case, ndiisiyenso pulogalamu ipange yokha kapena ndilembe pamanja?

Nachisale_Zitsulo
Ine ndimachita ziwiri zonse, koma pepala limayamba. Ndisanadine chilichonse ndimalemba mndandanda wa zimene ndikuyembekeza. Pa shedi yanu ndingayembekeze chonchi. 1.35G + 1.5Q ndi mphamvu zam'mbali zoimira kupendekeka kwa fulemu, kumanja ndi kumanzere, ndiwo awiri. 1.35G + 1.5W, asanu ndi atatu. 1.0G1 + 1.5W, enanso asanu ndi atatu. A EQU a maziko, asanu ndi atatu. A SLS oonera kupindika, G + Q imodzi ndi mphepo zisanu ndi zitatu. Onse pamodzi 35. Pulogalamu ikanditulutsira 40 kapena 50 ndimayang'ana chimene yaonjeza, mwina yandikumbutsa chimene ndaiwala. Ikatulutsa 500 ndimadziwa kuti sitinamvane.

Wa_ku_Joni
Achemwali, nanga Q ndi mphepo pamodzi mwazisiya kuti?

Nachisale_Zitsulo
EN 1991-1-1 pa ndime 3.3.2 imati padenga katundu wa okonza asaphatikizidwe ndi mphepo kapena chipale. Ndi ndani angakwere padenga kukamata malata namondwe ali mkati?

Fomani_wa_Kanengo
Mayi, anyamata anga amakwera.

Nachisale_Zitsulo
Hahaha a Fomani, ndiye muwatsitse! Koma zoona zake, amene akufuna kuonjezera 1.35G + 1.5Q + 0.75W sindimutsutsa, pa annex ya ku UK ψ0 ya mphepo, nambala yochepetsera katundu amene sakutsogolera, ndi 0.5. Ndi ma combination 8 okha ndipo pa denga lopendekeka pang'ono sakonda kulamulira, chifukwa mphepo imapeputsa denga.

Wa_ku_Karonga
Ndakhala ndikungowerenga. Palibe amene watchula chivomezi, ndiye ndichitchule ine, popeza ife kuno mu Disembala 2009 tinagona panja masabata angapo. Chachikulu cha pa 19 chinafika 6.0, ndipo achikulire a ku Salima akukumbukira cha mu Malichi 1989. Tili m'chigwa cha Rift, si nkhani yongomva. Pa shedi ya malata, mphamvu ya chivomezi imayenda ndi kulemera, ndiye kawirikawiri mphepo ndi imene imapambana. Werengerani pamanja mulembe mzere umodzi wosonyeza kuti mwaona. Koma ngati m'mbali muli khoma la njerwa lofika mamita 3 kapena 4 logwirira ku nsanamira, kapena ofesi ya nsanjika pakona, nkhani imasintha.

Pa nyumba za nsanjika ndi pamene ma combination amachuluka mwachilungamo. EN 1998 imafuna G + ψ2Q + chivomezi. Chivomezicho mumatenga chonse mbali imodzi ndi 30 pa 100 mbali inayo, n'kusinthanitsa, n'kusinthanso zizindikiro, ndizo njira 8. Kenako pakati pa kulemera mumapasuntha ndi 5 pa 100 ya mulitali kapena mulifupi mwa nyumba, malo anayi. 8 × 4 ndi 32, ndipo onsewo ndi oyenera. Ndiye kuchuluka pakokha si tchimo, bola udziwe kumene aliyense wachokera.

Msampha wina uli pa response spectrum, njira yowerengera chivomezi mu pulogalamu. Zotsatira zake zilibe chizindikiro, zonse zimatuluka zoonjezera chifukwa zadutsa mu SRSS kapena CQC. Ukaziphatikiza ndi G uyenera kutenga kuonjezera ndi kuchotsera komwe. Ndinalandirapo mapulani a nyumba ya nsanjika zinayi oti ndiwaunike, mnzathuyo anangotenga kuonjezera kokha. Nsanamira za pakona zinkaoneka zopanikizika bwino nthawi zonse, pamene zoona zake zinkafika pokokedwa.

Gogo_Konkire
Apo mwakhudza matenda amene ndimawaona kwambiri kwa achinyamata, envelope, kutola nambala zazikulu zokha pa ma combination onse. Amatenga N (mphamvu yopanikiza) yaikulu pa mzere wina, M (mphamvu yopinda) yaikulu pa mzere wina, n'kupanga nazo nsanamira, amvekere tadziteteza. Pa mtanda zimatheka. Pa nsanamira ya konkire ayi. Kupanikizika pang'ono kumaithandiza kupirira kupindika, ndiye nthawi zina yoopsa ndi M yaikulu pamene N yachepa. Nsanamira ya pamwamba penipeni pa nyumba ndi imene imagwa m'mbuna imeneyi. N ndi M zichokere mu combination imodzi, ngati mwamuna ndi mkazi wake, osati kutenga mwamuna wa nyumba iyi ndi mkazi wa nyumba iyo.

Mphunzitsi_wa_pa_Chichiri
Gogo, fanizo limenelo ndibwereka ndikaphunzitsire. Ndionjezepo chimodzi chimene ophunzira anga amachiiwala akangochoka m'kalasi. Kuphatikiza zotsatira za ma load case, kunena kuti 1.35 kuchulukitsa izi kuonjezapo 1.5 kuchulukitsa izo, kumagwira pokhapokha nyumba ikuyankha molingana ndi katundu, ukawirikiza katundu kupindika n'kuwirikizanso. Mukangoika P-Delta (kupindika koonjezera kobwera fulemu ikapendekeka), kapena ma bracing ogwira pokokedwa pokha, kapena maziko osaloledwa kukoka dothi, lamulo limenelo latha. Pamenepo katundu ayenera kuphatikizidwa kaye, pulogalamu n'kuwerengera combination iliyonse payokha. Mu pulogalamu ya STAAD.Pro ndiko kusiyana kwa LOAD COMBINATION ndi REPEAT LOAD. Yoyamba imaphatikiza mayankho, yachiwiri imaphatikiza katundu. Amene walemba PDELTA ANALYSIS n'kugwiritsa LOAD COMBINATION wadzinamiza yekha, chifukwa mphepo yawerengedwa popanda kulemera kokankha fulemu yopendekekayo. Achimwene, ma bracing anu ndi otani?

Injiniya_Wamng'ono
Ndi ma angle opingasa, aphunzitsi, ndinawaika kuti azigwira pokokedwa pokha.

Mphunzitsi_wa_pa_Chichiri
Ndiye n'chifukwa chake laputopu imalira. Sikuti imangophatikiza manambala, imabwereza kuwerengera nyumba yonse pa combination iliyonse mpaka ma bracing akhazikike. Ndi 35 itha musanamalize kapu ya tiyi. Onetsetsani kuti ma combination anu ndi amene akuwerengedwa paokha, osati ongophatikiza mayankho.

Wa_ku_Joni
Pa nkhani yolemba pamanja, ife muofesi tili ndi fayilo ya Excel. Mizere ndi ma combination, m'mbali ma load case, m'kati ma factor. Aliyense ali ndi dzina lomveka, monga ULS_kuzula_mphepo_kummawa, osati COMB147. Woyang'anira ntchito akafunsa kuti rafter iyi yalamulidwa ndi chiyani, dzina lokha limayankha. Timangokopa tebulo kulowetsa mu pulogalamu. Choopsa chake n'choti fayilo imayenda kuchoka pa ntchito ina kupita pa ina, ndiye tsiku lina upeza shedi ili ndi ψ ya maofesi.

Fomani_wa_Kanengo
Popeza shedi imeneyi ndi yosungiramo soya, ndifunse nawo. Matumba a soya amayenera kusanjidwa patali ndi khoma, koma nyengo yogula ikafika pachimake amawatsamiritsa ku nsanamira mpaka kufika ku ma louvre. Ndaona ma side rail atapindikira kunja ngati uta. Chinanso, tsiku limene sikelo kapena injini yawonongeka, amakaniko amakoleka chain block pa rafter. Kodi zimenezi zimalowa m'makompyuta anuwo?

Nachisale_Zitsulo
Zimalowa ngati munthu waziika, a Fomani. Pulogalamu sinafikepo ku Kanengo mu Juni. Achimwene, mufunse mwini wake. Ngati matumba adzatsamira khoma, imeneyo ndi load case yakeyake yokankhira kunja, ya gulu E la zosungira, ndipo ψ0 yake ndi 1.0, kutanthauza kuti sichepetsedwa ngakhale mphepo ikutsogolera. Iphatikizeni ndi mphepo yokokera khoma lomwelo kunja. Ngati akuti sadzatsamiritsa, zilembedwe pa pulani ndipo pansi pajambulidwe mzere wachikasu.

Gogo_Konkire
Mzere wachikasu umafufutika chaka choyamba. Ikani katunduyo.

Injiniya_Wamng'ono
Ndabwera ndi lipoti, akuluakulu. Ndagona 2 koloko. Ndakonza mitundu, ndagawa G pawiri, ndaonjeza load case ya chitseko chotsegula ndi ya matumba. Ndinalemba kaye papepala n'kupeza 47, pulogalamu yatulutsa 52, asanu apaderawo ndi obwerezabwereza amene mphepo palibe. Yawerengera masekondi 40. Ndaphatikiza ma reaction a G1 yokha, akugwirizana ndi za pamanja kusiyana 2 pa 100. Kuzula pa nsanamira zapakati ndi 71 kN, pafupi ndi 69 ija. Pa mafulemu a ma bracing ndi 94 kN chifukwa bracing nayo ikukoka. Zimene sindinayembekeze, rafter ikulephera pa 1.0G1 + 1.5W ngakhale mphamvu zake n'zochepa poyerekeza ndi za 1.35G + 1.5Q.

Nachisale_Zitsulo
Chifukwa kupindika kwatembenuka. Pa katundu wotsika, pakati pa rafter flange (phiko la chitsulocho) ya pamwamba ndi imene imapanikizika, ndipo ma purlin amaigwira mamita 1.5 alionse. Mphepo ikakoka, yopanikizika ndi ya pansi, ndipo ilibe woigwira. Musakulitse chitsulo. Ikani ma fly brace, tizitsulo tochirikiza, kuchoka pa purlin kupita ku flange ya pansi, muuze pulogalamu kutalika kwatsopano, muonanso. Ma purlin nawonso muwayese pa kukoka, makamaka a m'mphepete ndi pakona pamene cpe imakwera.

Mlamu_wa_ku_Leeds
Ndi mabawuti ogwirira nsanamira ku konkire. 94 kN ija idutse mu base plate, mabawuti, mpaka kukafika pansi pa maziko. Konkire yolemera siithandiza ngati bawuti yangolowa masentimita 30 popanda mbale kumapeto kwake.

Injiniya_Wamng'ono
Ma fly brace pa purlin yachitatu iliyonse, rafter yadutsa pa 0.87 ya mphamvu yake. Koma pali nkhani ina imene ndimachita nayo manyazi. Pulani ya maziko ija ya 1.2 m ndinaitumiza kale kwa kontirakitala sabata yatha kuti ayambe kuyeza. Ndamuimbira m'mawa uno, akuti maenje 14 akumba kale, zitsulo za asanu ndi limodzi apinda, konkire akufuna kuthira Lolemba.

Gogo_Konkire
Muimbireninso tsopano lino, musadikire pulani yatsopano, mumuuze aime. Kenako muwaimbire abwana anu ku Mzuzu lero lomwe, asadzazimvere kwa kontirakitala Lachisanu. Akalipa, inde, ine ndikanakalipa. Muwatumizire pepala la pamanja lija limodzi ndi tebulo la ma combination.

Fomani_wa_Kanengo
Bwana wamng'ono, kukulitsa dzenje la 1.2 kufika 2 mita ndi ntchito ya tsiku limodzi kwa anyamata anayi, dothi la kuno silivuta mvula isanagwe. Zitsulo zopindazo asataye, zilowa m'maziko a nsanamira za kumaso, zija zing'onozing'ono. Chimene mufulumire nacho ndi kutalika kwa mabawuti, chifukwa opanga amatenga masiku anayi kapena asanu, ndipo akawadula afupi sangawalumikize.

Injiniya_Wamng'ono
Ndawaimbira onse awiri. Kontirakitala waima. Abwana anangoti zii kanthawi, kenako anafunsa ngati mafulemu a ma bracing ndawapatsa maziko osiyana ndi enawo. Ndinati inde, 2.3 × 2.3 × 0.8. Akuti ndiwatumizire tebulo lonse pa WhatsApp aliunike ali mu basi, ndipo mabawuti ndisatumize kwa opanga mpaka atasainira. A Fomani, opanga amene mumawadziwa amagwira ntchito Loweruka?

Fomani_wa_Kanengo
Mpaka 12 koloko. Mukhale mutatumiza kukula kwake Lachisanu madzulo, ndipo munene kuti mukufuna ndi mbale zake zakumapeto, apo ayi akupatsani opinda ngati ndodo ya ambulera.